Kachipangizo Kosunga Mbiri ya Ngozi M'galimoto: Mmene Mungatetezere Zimene Kalemba ndi Kuzigwiritsa Ntchito Kukhoti

Pa 12 Epulo 2007, galimoto imene inanyamula Jon Corzine, yemwe panthawiyo anali bwanamkubwa wa chigawo cha New Jersey ku United States, inachita ngozi pamsewu waukulu wa Garden State Parkway ndipo iye anavulala modetsa nkhawa. Patapita masiku ochepa, apolisi analengeza kuti masekondi asanu ngoziyo isanachitike galimotoyo inkathamanga mamailosi 91 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 146, pamalo pamene malire a liwiro anali mamailosi 65. Nambala imeneyi sinachokere pakamwa pa dalaivala kapena pa munthu amene anaona ngoziyo ndi maso. Inachokera m'kachipangizo kobisika mkati mwa galimoto, kamene akatswiri amakatchula kuti EDR (chidule cha Event Data Recorder) ndipo anthu ambiri amangoti black box, potengera chipangizo cha m'ndege.

Dzina lotengera m'ndegelo limasocheretsa, chifukwa kachipangizo ka m'galimoto sikajambula mawu kapena zithunzi, ndipo sikasunga ulendo wonse. M'galimoto zambiri kamakhala mbali imodzi ya kompyuta imene imalamulira ma airbag (matumba a mpweya oteteza anthu pangozi), yomwe ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'chikhatho, komangidwa ndi mabawuti pansi, chapakati pa mipando yakutsogolo, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi kamuvi kolozera kutsogolo kwa galimoto. Ntchito yake yeniyeni ndi kuzindikira kuti galimoto yagunda mwamphamvu moti ma airbag ayenera kuphulika. Kusunga mbiri kunabwera ngati ntchito yowonjezera, pamene makampani monga General Motors ankafuna kudziwa mmene ma airbag awo akugwirira ntchito pangozi zenizeni.

Yambani ndi kudziwa zimene galimoto yanu imalemba

Chinthu choyamba chichitike ngozi isanagwe, ndipo sichitenga nthawi. Tsegulani buku la malangizo a galimoto yanu n'kufufuza pamene atchula EDR, kawirikawiri pafupi ndi nkhani ya ma airbag ndi malamba. Ku United States, lamulo la bungwe loona za chitetezo pamsewu la NHTSA, lodziwika kuti Part 563, limene linayamba kugwira ntchito pa galimoto zopangidwa kuyambira pa 1 Sepitembala 2012, silikakamiza kampani kuika kachipangizoka, koma limati ngati yakaika iyenera kunena zimenezi m'bukulo ndiponso kalembe zinthu zosachepera 15. Zina mwa zinthuzo ndi liwiro la galimoto, mmene dalaivala anapondera mafuta, ngati anaponda buleki kapena ayi, ngati anamanga lamba, nthawi imene airbag inaphulika, ndi kuchuluka kwa liwiro limene linasintha mwadzidzidzi pogundapo. Lamuloli linkafuna masekondi asanu okha a ngozi isanachitike, olembedwa kawiri pa sekondi iliyonse, ndipo mu Disembala 2024 bungweli linakhazikitsa lamulo lotalikitsa nthawiyo kufika masekondi 20, olembedwa ka 10 pa sekondi, la galimoto zam'tsogolo. M'mayiko a European Union kachipangizoka n'kokakamiza pa mitundu yatsopano ya galimoto zing'onozing'ono kuyambira mu Julayi 2022, ndi pa galimoto zonse zatsopano za mtunduwu kuyambira mu Julayi 2024. Galimoto yogulidwa yakale kuchokera kudziko lina ikhoza kukhala nako ngakhale dziko limene ikuyendamo tsopano lilibe lamulo lililonse pa nkhaniyi.

Ngozi ikachitika, sungani galimoto mmene ilili

Anthu ovulala akathandizidwa ndipo apolisi akamaliza ntchito yawo pamalopo, nkhani yotsatira ndi yoti zimene zalembedwa zisafufutike. Apa ndi pamene umboni wambiri umatayikira, ndipo nthawi zambiri sutayika chifukwa cha chinyengo ayi, koma chifukwa cha changu cha anthu ofuna kuthandiza.

Muyenera kudziwa kuti kachipangizoka kamasiyanitsa ngozi za mitundu iwiri. Airbag ikaphulika, zimene zalembedwa zimatsekeredwa ndipo sizifufutika mwachisawawa. Koma galimoto ikagunda popanda airbag kuphulika, mbiriyo imasungidwa mongoyembekezera, moti kugunda kwina kotsatira kukhoza kulemba pamwamba pake. Muyeso wa lamulo la ku United States ndi woti kachipangizoka kayambe kulemba liwiro likasintha ndi makilomita 8 pa ola m'kati mwa mamilisekondi 150, ndipo kugunda kotere n'kochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. M'galimoto zina zakale za General Motors, mbiri ya mtunduwu inkafufutika yokha galimoto ikayatsidwa maulendo 250. Choncho ngati pali anthu ovulala kapena pali chizindikiro choti nkhani ikathera kukhoti, musayendetse galimotoyo ndiponso musamangoiyatsayatsa pofuna kuona ngati injini ikadali bwino. Ikokedwe ndi galimoto ina, kiyi asungidwe ndi munthu mmodzi, ndipo makaniko auzidwe momveka bwino kuti asakhudze kompyuta ya ma airbag, chifukwa pokonza galimoto imene airbag yake yaphulika kompyutayo imachotsedwa n'kutayidwa pamodzi ndi zitsulo zina zowonongeka. Pa malole akuluakulu vutoli ndi lalikulu kwambiri, popeza kumeneko mbiri imakhala m'kompyuta ya injini, ndipo zina mwa zimene imasunga, monga mmene lole inaimira komaliza, zimasintha ikangoyendanso.

Jambulani zithunzi za galimoto mbali zonse, za nambala yake ya chasisi, za manambala a pa dashibodi, ndi za matayala onse anayi pamalo pamene palembedwa kukula kwake. Chifukwa chojambulira matayala chioneka kutsogoloku.

Ndiyeno pali galimoto ya mnzanu amene mwawombana naye. Inu mulibe ufulu woigwira, koma loya wanu angalembe kalata kwa mwini wake, ku kampani yake ya inshuwalansi ndi kumalo kumene yasungidwa, yowauza kuti galimotoyo ndi kachipangizo kake ndi umboni ndipo zisakonzedwe, zisagulitsidwe kapena kuphwasulidwa. Kalata imeneyi ipite m'masiku oyambirira, chifukwa galimoto imene a inshuwalansi aigamula kuti singakonzekenso sichedwa kupita kumsika wa galimoto zowonongeka. M'makhoti ambiri, munthu amene wawononga umboni atachenjezedwa kale amalangidwa, ndipo woweruza akhoza kuganiza kuti umboni wotayikawo ukanamutsutsa. Lamulo limeneli limakhudzanso inu mofanana. Amene akuganiza zozula kabokosiko usiku chifukwa choopa zimene kanganene adziwe kuti malo opanda kanthu pamene panali kabokosiko amamunenera zoipa kuposa nambala iliyonse.

Dziwani mwini wa zolembedwazo musanasaine chilichonse

Ku United States funso la umwini linayankhidwa ndi lamulo lotchedwa Driver Privacy Act, limene linasainidwa mu Disembala 2015. Limanena kuti zimene kachipangizoka kalemba ndi za mwini galimoto, kapena za munthu amene waitenga pa mgwirizano wobwereka wa nthawi yaitali. Munthu wina angaziwerenge pa zifukwa zowerengeka zokha: khoti kapena akuluakulu ena ovomerezeka akalamula, mwini wake akavomera polemba, pa makina kapena m'mawu ojambulidwa, mabungwe a boma ofufuza za ngozi akamachita kafukufuku wololedwa ndi lamulo, pakafunika kudziwa thandizo lachipatala loyenera pangozi, kapena pa kafukufuku wa chitetezo cha pamsewu ngati dzina la munthuyo silikuululidwa. Chigawo cha California chinali choyamba kukhazikitsa lamulo lake pa nkhaniyi mu 2003, ndipo zigawo zina zinatsatira. Ku European Union njira yake ndi yosiyana pang'ono, pakuti kumeneko lamulo limafuna kuti kachipangizoka kasasunge chilichonse chodziwitsa mwini galimoto, ndipo ngakhale manambala anayi omaliza a nambala yozindikiritsa galimoto sayenera kulembedwamo, pomwe malamulo oteteza zinsinsi za munthu a GDPR amagwirabe ntchito pa aliyense wogwiritsa ntchito zolembedwazo. M'mayiko amene alibe lamulo lapadera, nkhaniyi imagwera pa malamulo wamba a umboni, a chipikisheni ndi a chinsinsi cha munthu, ndipo loya wa m'dzikomo ndi amene angakuuzeni pamene malire ali.

Taonani kuti lamulo la ku United States limatchula mwini galimoto, osati woyendetsa. Dalaivala wa galimoto ya kampani, munthu amene wabwereka galimoto kwa mbale wake, kapena amene wachita hayala ya masiku atatu, ndi amene phazi lake linalembedwa, koma wovomereza kuti ziwerengedwe ndi wina. Ine ndimaona kuti pamenepa lamulo linasiya mpata waukulu, chifukwa chinsinsi chimene chikuululidwa ndi cha munthu amene alibe mawu pa nkhaniyo.

Chilolezo chimaperekedwa nthawi zambiri munthu osazindikira. Wogwira ntchito ku inshuwalansi amabwera ndi mapepala angapo oti musaine kuti chipukuta misozi chituluke msanga, ndipo pakati pa mapepalawo pamakhala mzere wolola kampaniyo kuwerenga makompyuta a galimoto. Werengani pepala lililonse, ndipo werenganinso mgwirizano wanu wa inshuwalansi pa gawo lonena za udindo wanu wothandiza kampaniyo pa kafukufuku, chifukwa kukana mwachimbulimbuli kungachedwetse kapena kulepheretsa malipiro. Njira yapakati ndi kuvomera ndi mfundo zolembedwa: ntchitoyo ichitike inu kapena katswiri wanu alipo, mupatsidwe lipoti lonse pamodzi ndi fayilo yake yoyambirira, ndipo zolembedwazo zigwiritsidwe ntchito pa nkhani ya ngozi iyi yokha. Samalani kwambiri ndi tsiku limene mukupereka galimoto yowonongeka m'manja mwa a inshuwalansi posinthana ndi ndalama, pakuti m'malo ambiri umwini wa zolembedwazo umatsatira umwini wa galimoto. Ngati mukufuna kuti ziwerengedwe, zichitike musanasaine pepala losintha umwini.

Apolisi akafuna kuwerenga

Makhoti sanagwirizane pa funso loti apolisi angawerenge kachipangizoka popanda chikalata cha khoti chololeza chipikisheni. Khoti la apilo ku California linagamula mu 2013 kuti liwiro ndi mabuleki si chinsinsi, popeza aliyense woima m'mbali mwa msewu amatha kuona galimoto ikuthamanga ndiponso nyali za mabuleki zikuyaka. Khoti la apilo ku Florida linagamula mosiyana mu 2017, kuti chikalatacho n'chofunika. Mu 2019 khoti lalikulu la chigawo cha Georgia linapeza kuti apolisi analakwa pamene analowa m'galimoto pamalo a ngozi n'kulumikiza makina awo popanda chikalata, ngakhale kuti anthu awiri anafa pangoziyo ndipo chikalata anadzachitenga mawa lake. Ku Canada nakonso makhoti a ku Ontario ndi a ku British Columbia anafika pa zigamulo zosiyana. N'chifukwa chake apolisi osamala amayamba atenga chikalata, monga anachitira a ku Los Angeles County mu 2021 pa ngozi ya katswiri wa masewera a gofu Tiger Woods, pamene zolembedwa zinasonyeza liwiro la mamailosi 84 mpaka 87 pa ola pamsewu wa mamailosi 45.

Chimene inu mungachite n'chochepa koma n'chofunika. Funsani mwaulemu ngati ali ndi chikalata cha khoti. Ngati ali nacho, musawatsekereze, koma pemphani kope lake n'kuona kuti chikuloleza chiyani, chifukwa chikalata cha kachipangizo ka ngozi sichiloleza kufufuza foni yanu. Ngati alibe ndipo akupempha chilolezo chanu, mukhoza kunena kuti mukufuna kulankhula kaye ndi loya. Akapitiriza popanda chilolezo, lembani nthawi, malo ndi amene anachita, ndipo mkangano wake ukachitikire kukhoti, osati pamsewu.

Wowerenga akhale katswiri, ndipo zonse zilembedwe

Makina amene makaniko amagwiritsa ntchito pofufuza zovuta za injini sawerenga mbiri ya ngozi. Pamafunika chipangizo chapadera. Chofala kwambiri ndi cha kampani ya Bosch chotchedwa CDR, pomwe Hyundai ndi Kia ali ndi chawo, ndipo Tesla nayo ili ndi njira yake. Ngati magetsi a galimoto akadali bwino, katswiri amalumikiza chingwe pa kabowo ka mapini 16 kamene kali pansi pa chiwongolero. Ngati mawaya anaduka, amazula kabokosiko n'kukapatsa magetsi ali pa tebulo, ndipo pamenepa amayenera kukamanga kuti kasagwedezeke, chifukwa kakagwa kali ndi magetsi kakhoza kuyesa kuti kachita ngozi ina n'kulemba pamwamba pa mbiri imene mukuifuna.

Mbali zonse za mlandu ziuzidwe tsiku la ntchitoyi kuti zitumize oimira awo. Ntchitoyo ijambulidwe, nambala ya chasisi yolembedwa mu lipoti ifanane ndi ya pa galimoto, ndipo pakhale pepala losonyeza aliyense amene anagwira kabokosiko kuchokera tsiku la ngozi mpaka tsiku la mlandu. Kuwerenga mwakabisira, ngakhale galimoto ndi yanu, kumapatsa loya wa mbali ina chifukwa chokayikira zonse zimene zatulukamo.

Werengani lipoti pamodzi ndi malire ake

Lipoti likatuluka, maso amathamangira pa tebulo la liwiro. Tiyerekeze kuti mizere yake ikuyenda motere: pa masekondi asanu ngozi isanachitike liwiro ndi makilomita 78 pa ola, phazi lili pa mafuta ndipo buleki sinapondedwe, pa masekondi awiri liwiro ndi 80, pa sekondi imodzi ndi theka phazi lachoka pa mafuta, pa sekondi imodzi buleki yapondedwa, pa theka la sekondi liwiro ndi 31. Munthu wosadziwa anganene kuti dalaivalayo anatsala pang'ono kuima. Katswiri angaone kuti galimoto wamba singatsike kuchoka pa 80 kufika pa 31 m'kanthawi kotero pamsewu wa tala, ndipo kuti mwina matayala anagwidwa ndi mabuleki n'kuyamba kukhukhuluzika pomwe galimoto ikupitabe mothamanga.

Chifukwa chake n'chakuti kachipangizoka sikayeza mmene galimoto ikudutsira pamsewu, koma mmene matayala kapena giyabokosi zikuzungulirira. Tayala likamazungulira pamatope kapena galimoto ikadumpha n'kukhala m'malere, nambala ikhoza kukwera kuposa liwiro lenileni. Ngati mwini galimoto anaika matayala aakulu kuposa amene kampani inaika, nambala imakhala yotsika kuposa liwiro lenileni, ndipo apa ndi pamene zithunzi za matayala zija zimagwira ntchito. M'galimoto zambiri mzere wa buleki umangonena kuti yapondedwa kapena ayi, osanena mphamvu yake. Mzere wa lamba umangodziwa kuti chitsulo chalowa m'malo mwake, ngakhale lambayo atadutsa kumbuyo kwa mpando. Batire likaphwanyika pogundapo, mbiri ikhoza kutsala yosamaliza, ndipo lipoti limakhala ndi mzere wonena ngati fayilo yonse inalembedwa. Masamba oyambirira a lipoti amafotokoza malire a mtundu wa galimotoyo, ndipo amene amawadumpha ndi amene amachita manyazi akamafunsidwa mafunso kukhoti.

Pali vuto linanso limene maloya ochenjera amayambira. M'galimoto zambiri kachipangizoka sikalemba tsiku, nthawi kapena malo, ndipo sikadziwa amene anali pa chiwongolero. Galimoto yogulidwa yakale ikhoza kukhala ndi mbiri ya ngozi ya mwini wake woyamba. Chimene chimathandiza ndi manambala awiri amene lipoti limasonyeza, ya kuchuluka kwa maulendo amene galimoto inali itayatsidwa pofika pa ngozi, ndi ya pofika tsiku lowerenga. Manambalawa akayandikana, zimakhala zomveka kuti mbiriyo ndi ya ngozi imeneyi. Akatalikirana ndi mazana, pali funso lofunika kuyankha, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chosayatsira galimoto mwachisawawa.

Kukhoti

Makhoti ambiri amene akumanapo ndi umboni umenewu anaulandira, malinga ngati unatengedwa mololedwa ndipo wabwera ndi katswiri amene angafotokoze mmene unatengedwera ndi tanthauzo lake. Pepala lokha lopanda mboni yolifotokoza silipita patali. Katswiri wabwino amayerekeza manambalawo ndi zizindikiro za matayala pamsewu, kukula kwa kuphwanyika kwa galimoto, malo amene galimoto zinakaima, ndi zithunzi za makamera ngati zilipo. Zonsezi zikaloza kumodzi, umboniwo umakhala wovuta kuugwedeza.

Muuzeni loya wanu zoona zokhazokha lipoti lisanatuluke, ndipo musalumbire za liwiro limene simukulikumbukira bwino, chifukwa munthu wochita mantha sakumbukira molondola zimene phazi lake linachita. Mu 2010, pamene galimoto za Toyota zinkadandaulidwa kuti zimathamanga zokha, bungwe la NHTSA linawerenga tizipangizo 58, ndipo pa 35 mwa ito panalibe chosonyeza kuti buleki inapondedwa. Mu Novembala 2011, Tim Murray, yemwe panthawiyo anali wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chigawo cha Massachusetts, atachita ngozi ananena kuti ankayenda pa liwiro loyenera atamanga lamba, koma zolembedwa zinasonyeza kuti galimoto inafika mamailosi 108 pa ola ndipo lamba sanamange. Umboni womwewu umapulumutsanso munthu wosalakwa amene mboni zonse zikumunena kuti ankathamanga, ndipo lipoti limene mwapempha nokha mbali inayo ikhozanso kulipempha kudzera kukhoti.

Zonse zimene zafotokozedwazi zikukhudza kabokosi kamene kamakhala chete m'galimoto mpaka wina atalumikizako chingwe. Galimoto zolumikizidwa ku intaneti zili ndi njira ina yosiyana, imene imatumiza malo, liwiro ndi kapondedwe ka mabuleki ku makompyuta a kampani tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la 2015 lija silifika kumeneko. Mu Januwale 2025, bungwe la boma la United States loteteza ogula la FTC linachitapo kanthu pa General Motors ndi nthambi yake ya OnStar pa dandaulo loti ankasonkhanitsa ndi kugulitsa zokhudza kayendetsedwe ka anthu popanda chilolezo chomveka. Choncho pamene loya wanu akulemba kalata yosungitsa umboni, atchulemonso zimene zili ku makompyuta a kampani yopanga galimoto, za mu wailesi ya pa dashibodi imene imakumbukira mafoni olumikizidwa ndi malo amene munapita, za kamera ya pa galasi, ndi za kachipangizo kalikonse kamene a inshuwalansi kapena abwana a kampani anaika kolondola galimoto, chifukwa chilichonse mwa izi chili ndi mwini wake, nthawi yake yofufutikira, ndi chilolezo chake chofunika kupempha padera.